Mpando wa Ba Kangwa

Tiza ananyamula kireti n'kumatsatira Ba Kangwa pakati pa mizere ya mphesa. Mayiwo ankadula matsango ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali lende m'mbali, monga lakhalira chidwalire sitiroko chaka chatha. Mitambo inali itayamba kusonkhana cha ku Kamushanga, ndipo mphesa zakupsa zikanyowa sizichedwa kung'aluka. Kunkangomveka sizasi.

Tiza sanabwere mwa kufuna kwake. Ba Kangwa ndiwo anamuimbira foni Lachitatu, mawu awo ochepa: afike kumunda Loweruka akatsika pa wayilesi, pali nkhani.

Nkhaniyo iye ankaidziwa kale.

Ba Kangwa anali mphunzitsi wake wa giredi 5 pa sukulu ya ku Railways. Nthawi imeneyo Tiza anali wachibwibwi, dzina lake lomwe linkamukanika, anzake n'kumafa nako kuseka. Ana akaweruka, mayiwo ankamutsalitsa m'kalasi ndi kumuwerengetsa mokweza, lero ndi mawa, mpaka lilime linamasuka. Atapuma pa uhedi, Ba Kangwa anabzala mphesa pa puloti yawo, anthu akuwaseka kuti zimenezo si za ku Kabwe. Anayambitsanso pulogalamu yophunzitsa ana kuwerenga pa wayilesi ya m'tauni, Loweruka lililonse m'mawa. Pamene anafuna wowathandiza kulandira mafoni a ana, anakatenga Tiza, yemwe anali atangokhala pakhomo chimalizire koleji.

Kenako kunabwera sitiroko ija. Ba Kangwa anabwerera ku wayilesi mu Januwale, koma mawu awo anali atasintha. Ankakoka, ena n'kumathera m'kamwa. Ana ankaimba foni kunena kuti sanamve. Loweruka lina mu Malichi mwana wina anawayeserera kalankhulidwe kawo, tauni yonse ikumva. Mayiwo anangoseka n'kupitiriza phunziro.

Masana a tsiku lomwelo Tiza anagogoda pa ofesi ya Ba Lubinda, mkulu wa wayilesiyo. Anati akulankhulira ana. Zinali zoona ndithu, koma sanathere pomwepo. Anati mayi aja atha, omvera akuchepa, ndipo iyeyo angathe kuiyendetsa bwino pulogalamuyo. Ba Lubinda anamuyang'ana nthawi yaitali, nkhope yosasonyeza kanthu, n'kungoti amva.

Mu Epulo Ba Kangwa anatsazika omvera. Loweruka lotsatira Tiza anakhala pa mpando wawo.

Chiyambire pamenepo sanapondeko kumundako. Atawaona mumsika m'nyengo yozizira, anakhotera kwa ogulitsa salaula, zovala zakaunjika, n'kuima kuseri kwa majekete mpaka atadutsa. Akamuimbira foni ankaisiya ilire, kenako n'kutumiza uthenga woti ali pa ntchito. Ya Lachitatu ija yokha ndiyo anayankha. Pulogalamu inkayenda bwino, makolo ankamuyamikira m'minibasi, koma akangovala mahedifoni aja ankamva ngati wavala chovala cha munthu amene akadali moyo. Ankadziwa kuti Kabwe ndi tauni yaing'ono. Mawu olankhulidwa mu ofesi sakhalitsa mu ofesi.

Anafika kumapeto kwa mzere. Ba Kangwa anaika sizasi m'thumba la epuloni, nakhala pa benchi ya pansi pa mthunzi mwapang'onopang'ono, akukoka mwendo. Anasankha tsango lakuda bwino m'kireti ndi kumupatsa.

"Lawa. Chaka chino zanzuna."

Tiza anathyola imodzi n'kuika m'kamwa. Sanamve kukoma kulikonse.

"Nimakumvela Loweruka lililonse," anatero Ba Kangwa, liwu lililonse akuchita kulikankha. "Uthamanga pang'ono pa mavawelo. Koma ana akukonda."

Tiza akanakonda mayiwo akanamukalipira. Anayang'ana dzanja lopuwala lija lili pa bondo, dzanja lomwe kale linkamulozera zilembo pa bolodi, ndipo anaona kuti sangadikirenso kuti mayiwo ayambe okha. Anatula kireti pansi, nagwada pa dothi.

"Ba madamu, pali zimene nifuna kukamba. Mu Malichi..."

Ba Kangwa anakweza dzanja lamanzere, monga ankachitira m'kalasi mwana akayankha asanalozedwe.

"Yamba wamvela ine, Tiza. Lilime langa silichedwa kulema, ningaiwale."

Tiza anaweramitsa mutu. Patali bingu linagunda. Anadikira dzina la Ba Lubinda, ndipo linabweradi.

"Ba Lubinda aniuza kuti waonda, sukamba na anthu ku ntchito. Nakuona na maso anga lelo, ni zoona." Anapuma, napukuta m'mbali mwa pakamwa ndi kansalu. "Ndiye nakuitana kuti nikupepese, mwana wanga. Ninakusenzetsa katundu osakufunsa. Tsiku limene ninabwelela mu Januwale ninawauza kuti nizamaliza temu imodzi chabe, mu Epulo mpando apatse Tiza, osati wina. Anavomela pamene paja. Ninawapempha asakuuze, kuti uzimve kwa ine, koma iwe unayamba kusowa."

Anamusisita paphewa.

"Manje kamba zako. Unati mu Malichi?"