Ndowa ya Fintan Tierney

Nuala ankaonetsa alendo manda akale a kumtunda kwa tauni, ndipo nthabwala yake inali yomweyomweyo: woikidwa komaliza ndiye amatungira anzake madzi mpaka wina adzamulandire.

"Kuno adasiya kuika maliro mu 1958," ankatero. "Tangoganizani mmene woikidwa komalizayo, Fintan Tierney, watopera!"

Alendo ankafa nalo phwete.

Tsiku lina mu Novembala, mdima utagwa msanga, Nuala adabwerera kukatenga ambulera imene mlendo wina adaiwala. Akudutsa pakati pa mitanda yamiyala, adamva madzi akutuluka pampope wa pakhoma. Komatu mpopewo udauma kalekale.

Nkhalamba ya jekete lakuda idawerama pamenepo, ikudzaza ndowa.

"Tatseka, bambo," adatero Nuala.

"Ndikudziwa, mwanawe. Si iwe umandiseka masana aja?" Sidatembenuke. "Mapewawa atha ntchito. Tandigwirirako pang'ono."

Nuala adaleredwa kuti wamkulu akapempha sukana. Dzanja lidapita lokha, n'kulandira ndowayo.

Chogwirira cha ndowayo chidali chozizira ngati mwala. Nkhalamba ija idawongoka, n'kuusa moyo, n'kulunjika kugeti.

"Uyambire mzere wa manda wakumtundawo," idatero. "Akumeneko ndi amene sapirira ludzu."