Chidindo cha Apositi

Fomu inali ndi mafunso khumi ndi awiri, koma telalayo anakakamira pa lachitatu: dzina la mwamuna wanu. Cholembera chinangoima m'malere.

"Dumphani pamenepo," anatero mayi amene anakhala kuseri kwa desiki. "Ambiri amakakamira pomwepo."

Mayiwo anthu ankangowatchula kuti Apositi. Anagwira ntchito ku positi ofesi zaka zoposa makumi awiri, pa zenera la makalata osowa eni ake. Anthu atasiya kulemberana makalata, mabwana anawapumitsa ntchito. Iwo anatuluka ndi chidindo chimodzi m'chikwama, n'kuchita lendi kachipinda pamwamba pa sitolo, pakati pa ofesi ya loya ndi ya dokotala wa mano. Ntchito sinasinthe: kubweza katundu kwa amene anamutumiza. Kungoti tsopano katunduyo anali ufiti. M'chipindamo munalibe nsupa kapena mchira wa nyama. Munali kabati ya mafayilo, sikelo ya maphukusi ndi fani yokhosomola.

"Fotokozani," anatero Apositi.

Telalayo anafotokoza. Miyezi isanu ndi itatu yapitayo mwamuna wake ananyamula masutikesi n'kupita kwa kamtsikana kogwira ntchito ku banki. Ukwati wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi unathera pakhomo, galimoto ikulira panja. Miyezi itatu yotsatira telalayo sanadzuke pabedi. Mwana wake wamkazi, yemwe ndi namwino, ndi amene ankamusambitsa, kumudyetsa ndi supuni, ndi kubisa masizasi onse a m'nyumba.

Kenaka m'mawa wina anadzuka wopepuka ngati nthenga. Anapukuta fumbi pa makina ake osokera, anapeza kashopu pakona pa msewu, ndipo makasitomala anayamba kubwera. Anayambanso kuseka.

Sabata yatha, akufunafuna mabatani mu dirowa, anapeza chithunzi. Panali iyeyo, atavala diresi laukwati, atagwirana mkono ndi bambo wina wamagalasi. Bamboyo sanamudziwe. Nkhani yonse ya kusiyidwa ankaidziwa monga munthu amadziwira nkhani ya m'nyuzipepala, koma nkhope, mawu, ngakhale dzina, zonse zinali zitafufutika.

"Kamtsikana kaja kanandilanda mwamuna," anatero telalayo. "Tsopano kakufuna kandilandenso mutu. Lero ndi iyeyo, mawa ndiiwala kusoka, mkuja mundipeza ndikutola mapepala mumsewu."

"Vulani nsapato. Kwerani pa sikelo."

Muvi wa sikelo unagwedezeka, unaima, kenaka unasuntha pang'ono wokha. Apositi anautsinzinira diso limodzi.

"Muli ndi makilogalamu awiri osakhala anu. Ndi phukusi loiwalitsa. Koma misala musaiope, silifika kumeneko. Limafufuta munthu mmodzi yekha, amene mumamukonda kuposa wina aliyense." Anakweza maso. "Mwati muli ndi mwana?"

"Ali panja pa benchi. Ndamuuza kuti ndabwera kwa loya, za shopu."

"Ndipo iyeyo mukumukumbukira bwinobwino."

Telalayo anangoyang'ana zala zake zakumapazi.

"Si mlandu," anatero Apositi. "Sikelo siiweruza. Tulo mukupeza?"

"Ndikupeza."

"Chakudya chikulowa?"

"Chikulowa."

"Ndiye achemwali, ine ndikanakhala inu ndikanavala nsapato n'kumapita. Akazi amsinkhu wathu amakwera masitepe amenewa tsiku ndi tsiku kudzandichonderera chinthu ngati chimenechi, ndipo ine sindigulitsa. Inu mwachilandira chaulere, mukuti chibwerere?"

"Mutu ndi wanga. Palibe amene anandipempha chilolezo."

Apositi anapumira m'mwamba n'kutsegula dirowa. Anatchula malamulo mofulumira, ngati munthu amene wawatchula kambirimbiri. Adiresi ya wotumiza iwo sawerenga, phukusi limadziwa lokha kwawo. Likafika, limachita kwa mwiniwake zomwe linachita kwa wolandira. Ndipo phukusi silibwezedwa kawiri.

Apa telalayo anamwetulira koyamba chilowereni m'chipindamo. Anakaona kamtsikanako m'maganizo, kakudzuka m'mawa pambali pa bambo wadazi wosamudziwa, kakukuwa kuti wakuba, aneba akuthamangira ndi mipini. Anasaina mwamphamvu mpaka cholembera chinaboola pepala.

"Tambasulani dzanja."

Chidindo chinagwa pa chikhatho, phwa! Inki yofiira inati: CHIBWERERE KWA MWINIWAKE.

Zonse zinabwera nthawi imodzi. Dzina lija. Fungo la malaya ake. Kakhosomoledwe kake akafuna kunama. Mmene anamugwirira dzanja kuchipatala tsiku lobadwa mwana, ndi mmene analikutumulira dzanja lomwelo pakhomo, osacheuka. Anagwira desiki kuti asagwe. Makilogalamu awiri anachoka, koma thupi linalemera ngati thumba la simenti. Anaganiza za shopu, za madiresi atatu oyembekeza kupindidwa m'munsi, ndipo anamva kuti bedi likumuitana.

"Ndinakuuzani," anatero Apositi, akuika fomu mu fayilo. "Potuluka mukankhe chitseko, chimalimba."

Anadzilimbitsa mtima. Kulira alira, koma kwinakwake mu banki munthu wina wayamba kale kulipira.

Mwana wake anali pa benchi pomwe anamusiya, ali mu yunifolomu yoyera, foni ili pamiyendo. Ankayang'ana khoma ngati munthu amene walowa m'chipinda n'kuiwala chimene wadzatenga.

"Tiye, mwanangu," anatero telalayo. "Ndigwire mkono."

Namwinoyo anakweza maso, n'kusendeza chikwama chake mwaulemu kuti mlendo apeze pokhala.

"Pepani amayi," anatero ndi mawu ofatsa amene amalankhulira kwa odwala. "Kodi tikudziwana?"