Kaseti Imene Wailesi Inatafuna

Nkhani iyi anandiuza ndi wometa wina, lumo lili pakhosi panga, choncho sindinamudule mawu. Akuti inamuonekera mnzake wa khomo loyandikana nalo, wokonza mawailesi, amene anthu ankangomutcha Mawaya.

Tsikulo Mawaya anali ataweramira wailesi yong'ambidwa pamimba pamene mayi wina wachikulire, telala, analowa. Timaulusi tinali titamatirira pa juzi yawo. Anamasula kampango n'kutulutsa kaseti. Tepi yake inali lendelende panja ngati matumbo a nkhuku, yofwanyika, yoduka pakati.

"Wailesi yanditafunira, bambo. Kasetiyi ndi ya malemu mwana wanga. Zovala zake abale anagawana, mabuku chiswe chinadya. Chake chimene ndatsala nacho ndi chokhachi."

"Amayi, makasetitu tinawaika m'manda kalekale," Mawaya anatero akuseka. Kenako anazindikira kuti pakamwa pamutsogola, n'kuyang'ana pansi. Ndipamene anaona dzina la chimbale lolembedwa ndi bolopeni pa kasetiyo.

Chimbale chimenecho ankachidziwa kuyambira koyamba mpaka kothera. Anachiimba anyamata ena oimba za Mulungu, koma osati monga aimbira a kwaya. Magitala ake ankalira ngati mphepo yodutsa m'nyumba yopanda zitseko. Ng'oma zinkabwera mochedwa, ngati munthu wotopa akukwera masitepe. Woimbayo ankamveka ali kutali, akufunsa Mulungu mafunso, nyimbo n'kutha yankho osabwera. Mawaya anachimva koyamba chaka chimene mkazi wake ananyamuka ndi ana. Kutchalitchi anasiya, kupemphera kunamukanika. Chimbalechi ndicho chinkamupempherera. Koma aliyense amene ankamuyatsira ankangoti, "Akulu, kodi kuli maliro?"

"Mwana wanu anali ndi khutu," anatero. "Nanga inuyo mumaimvera?"

"Tsiku lililonse. Mashini ndimaimitsa kumene."

Mawaya anamva ngati wapeza mbale wake pakati pa alendo.

"Bwerani mawa, amayi. Mudzaipeza ili moyo."

Ntchito zina zonse anazikankhira pambali. Anamasula timasikulu, nawongola tepi ndi chala pang'onopang'ono. Poduka paja anadula mopendekeka ndi lezala, nalumikiza, napota ndi pensulo. Kenako anaiika mu wailesi yake yabwino n'kutsinzina.

Nyimbo zinayenda. Tepi inali yotopa, mawu akunjenjemera, koma zinali zomwe zija. Inafika nyimbo yaitali ya pakati, imene Mawaya ankaikonda kuposa zonse. Imayamba ndi gitala imodzi yokha, ina n'kulowa, inanso n'kulowa, mpaka zonse zimakwera pamodzi ngati madzi osefukira, ndipo woimba uja, amene wakhala akunong'ona chiyambire, amafuula kamodzi kokha.

Pamenepo ndi pamene nyimbo inaduka. Kunamveka mpando ukukhwekhwereza, mbale zikugundana, chitseko, chifuwa, phwete la munthu. Wina anadina batani lofiira molakwitsa, n'kujambula phokoso la m'nyumba pamwamba pa nyimbo. Pomwe magitala ankabwerera, mfuu ija inali itadutsa kale.

Mawaya anagwira mutu.

"Zoona mayi aja zaka zonsezi akumvera nyimbo yodulidwa khosi?"

Anatsegula kabati n'kutulutsa chimbale chake, chimene sankabwereka munthu. Analumikiza mawaya, nayesa kukwera kwa mawu mosamala ngati namwino, n'kujambulanso mbali yonseyo pa tepi ya malemuyo. Atamvetsera, panalibe chilema. Wometa uja akuti tsiku limenelo anamumva Mawaya akuimba likhweru, chinthu chimene anali asanachitepo.

M'mawa mwake mayi aja anafika atavala zoyera bwino. Anakhala pa benchi, manja pamaondo.

"Musayambire koyamba, bambo. Pititsani pa nyimbo yaitali ija."

Mawaya anamwetulira. Ameneyu ndiye wodziwa kumvera, anaganiza choncho.

Gitala imodzi. Yachiwiri. Mayi aja anasendera kutsogolo, khutu pafupi ndi sipika, mpweya ataugwira. Magitala anakwera onse, mfuu ija inatuluka yathunthu, kashopu konse kananjenjemera.

"Bwezani."

Anabweza. Inatulukanso chimodzimodzi.

"Bwezaninso."

Ulendo uno misozi inali mbwembwembwe m'masaya mwawo. Nayenso Mawaya maso anamuyabwa.

"Ndi mmene iyenera kumvekera, amayi. Inenso ndikafika apa ndimalira. Phokoso lija ndalifufuta lonse, simudzalimvanso."

Mayi aja anapukuta misozi. Sanakweze mawu.

"Nyimbo zimenezi sindinazikondepo, bambo. Zimandipweteketsa mutu. Ndinkangozipirira kuti ndifike paja mwana wanga akuseka."

Wometayo akuti mayiwo amaiyatsabe kasetiyo, ndipo akuti munthu akakweza kwambiri, kuseka kuja kumamveka pang'ono pansi pa magitala. Ine ndayenda, ndipo zambiri zimene alendo andiuza ndazikhulupirira. Izi zokha ndikukayika. Chofufutidwa pa tepi sichibwerera.