Mzere Umodzi wa a Kangaude

Mayi Mipata ankalongedza kapu yawo ndi zithunzi za ana m'katoni, ndipo a Kangaude, pa desiki yoyandikana nayo, ankayesetsa kuvala nkhope yachisoni. Nkhopeyo inkawakana.

Aliyense mu ofesimo ankadziwa kuti sabata imeneyo kampani ichita zinthu ziwiri. Itseka desiki imodzi, komanso isankha mkulu watsopano wa olemba mapulogalamu, woti akakhale m'chipinda cham'mwamba, cha zenera lalikulu ndi mpando wozungulira. Mpandowo a Kangaude ankaufuna ndi mtima wonse. Jekete anali atagula kale. Akazi awo anali atauza apongozi, ndipo apongoziwo anali atauza msewu wonse.

Awiriwa ankagwira ntchito yofanana, yolemba khodi imene imatulutsa masamba a webusayiti ya kampaniyo. Khodi ikamasindikiza tsamba imayenera kulavula matagi ambirimbiri, tizizindikiro touza kompyuta poyambira chinthu ndi pothera pake. Mayi Mipata matagiwo ankawaika paokha, chigawo chonse pamodzi, tagi iliyonse pamzere wake, yam'kati italowako pang'ono ngati masitepe. Dzina lawolo linachokera pa mipata yomwe ankasiyayo. Munthu wobwera dzulodzuloli ankatha kutsegula fayilo yawo n'kukonza cholakwika tiyi asanazizire.

A Kangaude zimenezo ankaziona ngati kudzichotsa wekha ntchito. Iwo tsamba lonse ankalipiringiza pamzere umodzi, wautali moti unkatuluka pa sikirini n'kupita osabwerera. Munali mitengero mkati mwa mitengero, tindodo topendekera totchinjiriza mitengeroyo, ndi madontho olumikiza zidutswa zomwe mwini yekha ndiye ankadziwa kumene zinachokera. Mnzawo wina atayesa kusintha mtundu wa batani limodzi lokha, webusayiti yonse inagona chagada, mpaka anachita kuwaitanitsa a Kangaude ku tchuthi. Tsiku limenelo analowa mu ofesi monyang'wa ngati dokotala wamkulu, ndipo kukoma kwake sanakuiwale.

"Mayi, ine ndinkakuuzani," anatero a Kangaude motsitsa mawu. "Mukamalemba zoti aliyense awerenge, bwana akusungireninso chiyani? Pantchito umafunika kukhala ndi kako kodziwa wekha."

"Munanenadi, achimwene," anayankha mayiwo akumata katoni ndi tepi. "Koma tizionanabe."

A Kangaude anagwedeza mutu. Onse ochotsedwa ntchito amatero, kenako umakumana nawo pamsika akubisa nkhope. Anawamverako chisoni pang'ono, chifukwa mayiwo anali munthu wabwino, kungoti wosachenjera. Koma chisonicho sichinawaletse kusuzumira kudenga n'kuyamba kuganiza mbali yoika chithunzi cha ukwati.

Posakhalitsa bwana wamkulu anatulukira, n'kulunjika pa desiki ya a Kangaude. Makiyibodi onse anangoti zii. A Kangaude anaimirira, anakoka jekete, n'kumanga batani lake.

"A Kangaude," anayamba bwanayo, "takambirana mokwanira, ndipo tonse tagwirizana chimodzi. Pakampani pano palibe amene angalowe m'malo mwanu."

"Ndi chisomo chabe, bwana," anatero a Kangaude, mano onse ali pamtunda.

"Sindikukunamizani ayi. Tinapereka mafayilo anu kwa anzanuwa kuti tione ngati angawakwanitse. Wina mutu unamupweteka mpaka anapita kuchipatala. Wina anati bola timuchotse ntchito. Pomwe mafayilo a mayiwa aliyense akungowawerenga ngati nyuzipepala, moti ntchito yawo tagawana kale, ndipo desiki yawo tikuitseka lero."

A Kangaude anaponya diso kwa Mayi Mipata, diso loti mwaonatu. Mumtima anali atayamba kale kuzungulira pampando uja.

Bwanayo anawagwira a Kangaude paphewa mwachikondi. "Ndiye inu pa desiki iyi simudzachokapo mpaka penshoni, chifukwa mukangosuntha webusayiti yafa. Koma poti mwaimirira kale, anyamulireniko katoniyi abwana anu atsopanowa. Masitepe opita m'mwamba ndi ambiri."