Envulopu Yosamatula

"Tawerengani kalata munalembera bambo anga ija," anatero mayi wina, mwana wa malemu mlembi wa buku, kwa mkonzi wa mabuku atakhala naye m'chipinda chosungira zikalata zakale.

Mkonzi wokalambayo anawerenga: "Buku lanu ndaliwerenga kawiri. Silingasindikizidwe."

"Chilandirire kalatayi, bambo sanagwirenso cholembera," anatero mayiyo. "Koma ankakulemekezani. Ankati munthu wowerenga kawiri sanganame."

Mkonzi anayang'ana pansi.

Apo wosunga zikalata anapisa dzanja m'bokosi lochokera ku ofesi yakale ya mkonziyo, n'kutulutsa envulopu yaikulu yafumbi, yomatabe monga mmene inachokera kupositi.

"Bukulo ndi ili, achikulire," anatero. "Ife kuno sitimatula chimene mwiniwake sanamatule. Takhala tikudikira inu."