Utoto Wauwisi

Ntchito yanga ndi yopaka mizere yoyera pamitengo kuti okwera mapiri asasochere. Tsikulo utoto unatha masana, ndipo mdima unatipeza ine ndi alamu anga tikutsikira kukhwawa.

"Tingotsata mizere yanuyi, simwati simusochera inu?" anandiseka alamuwo.

Tinawoloka mtsinje kawiri. Njira imeneyi ndimaidziwa, imawoloka kamodzi.

Ndinakhudza mzere wa pamtengo wotsatira. Utoto unandimata zala. Chitini cha utoto chinali m'manja mwangamu, chouma gwa.

"Alamu, tibwerere. Tsogolani."

Ndinaunika kumene tinachokera. Mitengo yonse inali bii, yopanda mzere ndi umodzi womwe.

Alamuwo anatembenuka kuti atsogole, tochi yanga n'kuwaunika kumsana. Pamalaya awo panali mzere woyera, utoto wake ukuyenderera.