Kompyuta Yosalankhula ya Nachangu

Panali munthu wina, mayi wochapa nsalu panyumba ina yogona alendo, amene anzake ankamutcha Nachangu chifukwa kudikira sankakudziwa. Tsiku lina akusolola nsalu zonyowa m'makina, zolemera ngati matumba a simenti, msana ukumubaya, bwana wake anasuzumira pakhomo.

"Kosungira katundu kukufunika munthu," anatero bwanayo. "Ntchito yake ndi yokhala pampando. Koma ndikufuna satifiketi ya maphunziro a pa intaneti a kasungidwe ka katundu. Amene abweretse, ntchito ndi yake."

Adokotala anali atamuchenjeza kale Nachangu kuti akapitiriza kunyamula zolemera, msanawo udzamugoneka. Analembetsa tsiku lomwelo, iye ndi mnzake wosita zovala.

Aphunzitsi anatumiza uthenga kwa onse. Anati asanayambe kuonera mavidiyo, aliyense ayese kompyuta yake: mawu azimveka, kamera ndi maikolofoni zizigwira, intaneti isamaduke, ndipo kompyuta ikapempha kuikamo zatsopano, aiyembekezere imalize. Nachangu anawerenga mizere yoyamba yokha, basi n'kutseka.

Laputopu yake inali yakale, yopatsidwa ndi mlamu wake. Vidiyo inkayenda mopunthwa, koma inkayenda. Vuto linali mawu. Sankatuluka n'komwe.

"Aphunzitsi anuwa akutafuna chiyani?" anafunsa mwamuna wake atasuzumira. "Pakamwa pakungogwedezeka ngati nsomba."

"Inu, musandisokoneze. Zolemba zikuoneka, ndiziwerenga."

Kuntchito, mnzake wosita uja anamulangiza. "Achemwali, pitani nayo kwa okonza makompyuta aja a pamsewu. Mwina ndi kanthu kochepa. Kapena yesani kaye mahedifoni angawa."

"Nthawi yake ndiipeza kuti? Nsaluzi zidzichapa zokha?"

"Wakutsina khutu ndi mnansi, achemwali."

"Khutu langa lisiyeni, sitani zovala."

Kenako Nachangu anazindikira chinthu. Vidiyo ikafika kumapeto, pankabwera chizindikiro chobiriwira chosonyeza kuti waonera, kaya munthu wamva kaya sanamve. Ndiye anayamba kuika laputopuyo pashelefu ya sopo, vidiyo izidziyendera, iye akufinya ndi kuyanika. Kabokosi kopempha kuikamo zatsopano kakatulukira, ankangodina poti nthawi ina, ndi chala chonyowa.

Koma mtima sunali m'malo. Akatembenuka ankapeza aphunzitsi akuloza ndi chala, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akuchenjeza za chinthu chachikulu. Akunena chiyani? Ankadziuza kuti Loweruka apita nayo kokonzetsa, koma Loweruka lililonse alendo ankadzaza ndipo nsalu zinkaunjikana mpaka pakhomo.

Tsiku la mayeso linafika. Bwana anawapatsa masanawo, wosita uja chipinda chake, Nachangu kachipinda kosungiramo zidebe. Anali ataloweza zolemba zonse, akuyembekeza mafunso olemba. Atalowa m'mayeso pa laputopu, anaona aphunzitsi ali pompopompo, ndi nkhope za ophunzira m'timabokosi, aliyense mahedifoni kumutu. Pakamwa pa aphunzitsi panagwedezeka, kenako panaima. Onse ankaoneka kuti akudikira munthu.

M'mbali munatuluka mawu olembedwa. "Mayi, ndakufunsani funso. Tsegulani maikolofoni."

Nachangu analemba ndi chala chimodzi. "Sindikumva."

"Mayesowa ndi apakamwa. Ndinanena m'vidiyo yoyamba, ndinabwerezanso m'yomaliza. Zimitsani kompyuta muyatsenso. Ndiyamba ndafunsa ena, ndikupezani kumapeto."

Anazimitsa, n'kuyatsa. Apo ndi pamene kompyuta inayamba kuikamo zonse zimene ankazikankhira mawa zija. Panatuluka mawu oti asazimitse, ndi kanthu kozungulira pang'onopang'ono. Nachangu anaimirira, n'kukhalanso. Anayang'ana foni yake, koma inali ya mabatani. Kuseri kwa khoma ankamva mnzake akuyankha mafunso, mawu ali phee ngati akucheza.

Anaimbira mwamuna wake. "Bambo, yakana. Ikungozungulira."

"Isiyeni imalize, mayi. Musaigwire."

"Anthu akumaliza mayeso, inu mukuti ndiisiye?"

Anadula foni, n'kukanikiza batani lozimitsira mpaka galasi lonse linada. Atayatsanso, laputopuyo inangolira kamodzi, osaonetsa kanthu. Anayesa kachiwiri. Anachotsa chingwe, n'kubwezera. Anaimenya ndi chikhatho. Mdima wokhawokha.

Wosita uja atamaliza anathamangira kwa iye, kompyuta yake ili m'manja. "Lowani ndi yangayi, msanga." Koma pamene Nachangu ankalemba dzina lake, mayeso anali atatsekedwa. Atawadandaulira, aphunzitsi anayankha mawa lake kuti mwayi wina ndi chaka chamawa.

Atapita nayo kwa okonza aja n'kumuuza kuti chimene chinkatsekereza mawu ndi pulogalamu yakale, yomwe ikanakonzeka akanailola kompyuta kumaliza, Nachangu anangogwira pakamwa.

Ntchito yapampando inapita kwa wosita uja. Nachangu anabwerera kumakina, ndipo chakacho sanachimalize. M'mawa wina anawerama kuti akweze dengu la nsalu, osaweramukanso. Anzake anamunyamula kupita naye kuchipatala. Pano ali kunyumba, akuyenda ndi ndodo, ndipo pamakina paja analembapo munthu wina.

Phunziro: Ine kalasi ya akuluakulu ndimalowa nditaweruka kuntchito, ndipo kutopa ndikukudziwa, choncho musandiuze kuti mulibe nthawi. Yesani mawu, kamera ndi intaneti tsiku loyamba. Chikavuta funsani lero lomwe, kompyuta ikamaikamo zatsopano chotsanipo manja, ndipo vidiyo muziimvera, osati kungoiyendetsa. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene akuphunzira pa intaneti, makamaka uja amati akonza mawa.